Amayi akubwera koyamba ku Manchester, tiwakweze ndege iti?

Nachisale (Manchester), Lolemba 21:14
Moni nonse a pagulu. Ndabwera kudzapempha nzeru. Visa ya amayi yatuluka Lachisanu lapitali, ndipo tikufuna adzafike kuno kumayambiriro kwa Novembala, poti ine ndikuyembekezera kuchira kumapeto kwa mwezi womwewo. Amayi ali ndi zaka 68, amakhala ku Chiradzulu, ndipo ndege sanakwerepo chibadwire. Chizungu amamva ndithu koma kuyankha amachita manyazi, komanso bondo lakumanzere limawavuta pokwera masitepe. Adzabwera okha. Ndayang'ana pa intaneti, zikutuluka njira zitatu: Ethiopian kudzera ku Addis Ababa, Kenya Airways kudzera ku Nairobi, ndi ina yodzera ku Johannesburg. Ya ku Nairobi ikuoneka yotsikirako ndi pafupifupi £150 pa masiku amene ndikufunawo. Bambo a kunyumba akuti titenge yotsikayo, ine mtima sukukhazikika. Inu amene munaitanapo makolo, munatani?

Bambo a Tadala (Leeds), 21:22
Achemwali, choyamba tikuthokoza Mulungu kuti visa yatuluka. Ine apongozi anga abwera kawiri, ndipo maulendo onse awiri ndinawakweza Ethiopian. Chifukwa changa ndi chimodzi: imanyamuka pa Chileka pomwepo, ndipo ilinso ndi ndege yofika ku Manchester. Njira ya Manchester anaitsegula mu Disembala 2018. Ndiye kuti amayi asintha ndege kamodzi kokha, pa Bole, bwalo la ndege la ku Addis Ababa, ndipo inu mukawachingamira pakhomo panu. Ndege yochokera kwathu imanyamuka masana n'kufika ku Addis Ababa madzulo, za ku Ulaya zimanyamuka pakati pa usiku, m'mawa munthu wafika. Mungoonetsetsa kuti tsiku mwasankhalo ya Manchester ilipo, kuti asakagone panjira.

Mayi Gondwe (Nottingham), 21:31
Ine ndine wa Kenya Airways kuyambira kale, ndipo sindibisa. Ogwira ntchito m'ndege mwawo amalankhula nawe modekha, Chizungu chawo chimamveka bwino kwa khutu la Mmalawi, ndipo munthu wodziwa Chiswahili pang'ono amamasuka. Bwalo la Jomo Kenyatta kwa ine ndi losavuta kulitsata. Pa Bole usiku pamakhala chipwirikiti cha anthu chifukwa ndege zambiri zimanyamuka nthawi imodzimodzi, mizere ya pa security imatalika. Mwana wachinyamata alibe nazo vuto, koma gogo woyenda yekha akhoza kubalalika. £150 si ndalama yotaya, makamaka mwana akubwera.

Bambo a Tadala (Leeds), 21:35
Mayi Gondwe, zoona zake za anthu pa Bole, sinditsutsa. Koma tiyeni tiiwerengere bwino £150 imeneyo. Nachisale, tikiti ya ku Nairobi mukuionayo ikunyamukira kuti?

Nachisale (Manchester), 21:37
Ikunyamukira ku Lilongwe, n'kudzatera ku Heathrow, ku London.

Bambo a Tadala (Leeds), 21:44
Ndi pamenepo. Kuchoka ku Chiradzulu kufika mu Blantyre, kenako basi ya ku Lilongwe, makilomita opitirira 300, maola anayi kapena asanu. Akafika mu Lilongwe bwalo la ndege silili m'tauni, lili ku Lumbadzi. Gogo simungawatumize okha ndi masutikesi awiri, ndiye wowaperekeza alipiriridwe kupita ndi kubwerera, mwina agonenso. Uku nakonso bambo a kunyumba anyamuke pa galimoto kupita ku Heathrow, maola anayi kupita, anayi kubwerera, mafuta, malipiro a poimika galimoto, tsiku la ntchito lomwe aphonye. Inu ndi mimba ya miyezi isanu ndi itatu simupita nawo. Pobwerera amayi mu Epulo, zonsezo mubwereze. Mukaphatikiza mupeza kuti yotchipayo ndiye yadula.

Mayi Gondwe (Nottingham), 21:49
Apo ndavomera. Ine kwathu ndi ku Rumphi, choncho Lumbadzi ndiye pafupi, ndipo London kuchokera kuno si patali kwambiri. Ndinayankha ngati ulendo ndi wanga. Koma za khamu la pa Bole zija musazitaye.

Gift wa ku Joni (Johannesburg), 22:03
Asisi, ya kuno nayonso muiganizire. Airlink inayamba kuuluka pakati pa Johannesburg ndi Blantyre komanso Lilongwe mu 2023, ndipo Malawi Airlines imabweranso kuno. Kuchoka pa Chileka kufika pa OR Tambo ndi maola awiri ndi pang'ono basi. Madzulo British Airways ndi Virgin Atlantic zimanyamuka kupita ku Heathrow osaima paliponse, maola pafupifupi 11. Mmalawi safuna visa pobwera kuno masiku 30, ndiye ngati mukufuna amayi akhoza kutuluka, ndikawatenga, agone kwathu ku Kempton Park, apume, mawa lake ndiwakweze ndekha.

Nachisale (Manchester), 22:08
Achimwene a Gift, mwandikhudza mtima ndi kukoma mtima kwanu, zikomo kwambiri. Koma ndikaganiza, ndiye kuti amayi ayambe atsikira kummwera maola awiri kenako n'kubwereranso kumpoto, n'kutheranso ku Heathrow. Ya kumeneko ndiyonso yokwera mtengo pa zitatuzi.

Gift wa ku Joni (Johannesburg), 22:11
Ndamva asisi. Khomo ndi lotsegula ngati zinthu zitasintha.

Mbuya Mbewe (Glasgow), 22:26
Ana inu mwandikumbutsa kale. M'ma 1970 Air Malawi inali ndi ndege ya VC10 yomwe inkafika mpaka ku Gatwick, yonyamula mbendera yathu. Pambuyo pake British Airways ndi KLM zinkatera pa Kamuzu. Lero palibe ndege yochoka kwathu kulunjika ku Ulaya, aliyense ayenera kudzera pakhomo la mnzake, kaya Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Air Malawi inatha mu 2013, ndipo Malawi Airlines yomwe inalowa m'malo mwake, boma lili ndi magawo 51 pa 100, Ethiopian 49. N'chifukwa chake nthawi zina mumagula tikiti ya kampani imodzi koma pachigawo china cha ulendo mukwera ndege yolembedwa dzina la inzake. Mwana wanga Nachisale, uwauziretu amayi zimenezi, asadzadabwe n'kuganiza kuti akuwakweza yolakwika. Ife achikulire timakhulupirira zimene talembedwera papepala, zikasiyana ndi zomwe maso akuona timachita mantha.

Chikondi M. (Luton), 22:40
Ndiloleni ndinene chimene chinandichitikira, kuti wina asagwe m'mbuna yomweyo. Kampani sinditchula. Zaka ziwiri zapitazo ndinafuna kupulumutsa ndalama, ndinagulira mlamu wanga matikiti awiri osiyana, ina yomufikitsa pa bwalo losinthirapo ndege, ina yochoka pamenepo kubwera kuno. Ndege yoyamba inachedwa maola atatu. Pofika, yachiwiri inali itapita. Atapita pa desiki anamuuza kuti kwa iwo iye ndi munthu amene sanabwere basi, za ndege inayo sizikuwakhudza chifukwa si tikiti yawo. Ndinagula tikiti yatsopano usiku womwewo pa mtengo wa tsiku lomwelo, ndipo ya pobwerera nayo inafufutika chifukwa chophonya chigawo choyamba. Mlamu anagona pa mpando. Nachisale, ndege iliyonse mungasankhe, ulendo wonse kuchoka pa Chileka mpaka kuno ukhale pa tikiti imodzi, nambala ya booking imodzi. Zikatero, ndege yoyamba ikachedwa ndi udindo wawo kuwaika amayi pa ina, ndipo katundu amalembedwa mpaka kumapeto, sakamutenganso panjira.

Admin Kondwani, 22:44
Zikomo a Chikondi posatchula dzina. Chikumbutso kwa tonse: pofotokoza zoipa zomwe zinatigwera tisamatchule kampani kapena agent. Tikambe za phunziro lake.

Thoko, namwino (Coventry), 23:02
Ndangoweruka kumene, ndawerenga zonse. Ine nkhani ya kampani ndiisiyira anzanga, ndikamba za bondolo. Mukangogula tikiti, imbani foni ku kampaniyo mupemphe wheelchair, osachepera maola 48 ulendo usanafike, koma bwino kuchitiratu tsiku lomwelo. Salipiritsa. Pali mitundu yake. WCHR ndi ya munthu amene sangayende mtunda wautali koma masitepe amakwera. WCHS ndi ya amene masitepe amamuvuta. Amayi anu muwalembetse WCHS, chifukwa pa Chileka munthu amakwera ndege ndi masitepe, ndipo pa Bole kawirikawiri amakutsitsirani patali n'kukutengani pa basi.

Phindu lake lenileni si mpandowo ayi. Munthu wowakankha uja ndiye amene amadziwa geti, amawadutsitsa pa security, amawafikitsa pa ndege yachiwiri, ndipo kuno wina amawatenga pakhomo la ndege mpaka pa immigration ndi potengera katundu. Khamu limene Mayi Gondwe akunena lija limachepa mphamvu akakhala ndi wowatsogolera. Vuto limene ndimaliona ndi loti amayi athu amakana. Amati ine sindine wodwala, anthu aziti chiyani. Muwakonzekeretse kuyambira pano.

Nachisale (Manchester), 23:06
Asisi a Thoko, mwawadziwa amayi anga musanawaone. Akana ndithu. Munthu wolima yekha munda wake mpaka lero, ndodo yomwe amakana kugwira.

Thoko, namwino (Coventry), 23:15
Musawauze kuti ndi za odwala. Muwauze kuti mwawapezera munthu wowaperekeza pabwalo, ndipo kawirikawiri woperekezedwa amakhala pampando. Si bodza. China, mankhwala awo onse akhale m'kachikwama ka m'manja, m'mapaketi ake enieni, pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala. Asaike mu sutikesi. Muwasankhire mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti azitha kudzuka n'kuwongola miyendo, chifukwa kukhala maola asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu osasuntha kumatha kuundanitsa magazi m'mitsempha ya m'miyendo, makamaka kwa achikulire. Azimwa madzi. Ambiri amakana kumwa poopa chimbudzi cha m'ndege, ndiye muwafotokozere momwe chitseko chake chimatsegukira ndi phokoso lomwe chimachita. Juzi ikhale pafupi. Addis Ababa ali pamwamba, mamita opitirira 2,300, usiku kumazizira, osanena za Manchester mu Novembala.

Mwale wa ku Chipata (Bradford), Lachiwiri 06:50
Mwauka bwanji abale. Ine ndine wa ku Zambia, kwathu ku Chipata, ndipo ndimakwera Emirates kapena Qatar kuchokera ku Lusaka. Emirates inayamba kubwera ku Lusaka mu 2012, Qatar mu 2021, ndipo zonse ziwiri zili ndi ndege zofika ku Manchester. Ndege zake ndi zabwino, chakudya chabwino. Anzanga ena a ku Mchinji amadutsa pa Mwami n'kubwera kukwerera kwathu. Koma kwa amama a ku Chiradzulu sindingalangize, Chipata mpaka Lusaka pa Great East Road ndi makilomita opitirira 550. Ndangotchula kuti ena a pagulu pano adziwe kuti njirayi ilipo.

Esnart (Salford), 07:18
Pepani ndifunse chimene aliyense akuchilambalala. Nanga za ngozi ija ya 2019? Mayi anga aang'ono atamva dzina la Ethiopian anakana kukwera.

Bambo a Tadala (Leeds), 07:41
Funso labwino, ndipo ndi bwino kuliyankha poyera. Pa 10 Malichi 2019 ndege ya Boeing 737 MAX yochoka ku Addis Ababa kupita ku Nairobi inagwa patangopita mphindi zochepa inyamukire, anthu onse 157 anamwalira. Miyezi isanu m'mbuyo mwake, mu Okutobala 2018, ndege ya mtundu womwewo ya Lion Air inagwa ku Indonesia. Pa ngozi zonse ziwiri panapezeka vuto la makina otchedwa MCAS, omwe ankakankhira mphuno ya ndege pansi atalandira uthenga wolakwika kuchokera ku kachipangizo kamodzi. Ndege za mtundu umenewu anaziimitsa padziko lonse kwa nthawi yoposa chaka ndi theka mpaka Boeing itakonza. Ethiopian inadikira mpaka Febuluwale 2022 kuti iyambenso kuziulutsa. Ndi kampani yomwe yakhala ikuuluka kuyambira 1946, ili ndi sukulu yakeyake ya oyendetsa ndege ndi malo ake okonzera. Za ku Ulaya amagwiritsa ntchito ndege zikuluzikulu, Airbus A350 ndi Boeing 787. Kenya Airways nayo imabwera ku London ndi 787. Ine ana anga ndimawakweza zonsezi mtima uli m'malo.

Esnart (Salford), 07:46
Zikomo achimwene. Ndiwawerengera mayi aang'ono zimenezi.

Yamikani (Sheffield), 08:30
Anganga akabwera sabwera chimanjamanja, ndiye tikambeko za katundu. Pa matikiti ambiri a njira zimenezi amalola masutikesi awiri a makilo 23 lililonse, koma muwerenge pa tikiti yanuyo, chifukwa masiku ano kuli mitengo ina yotsika yomwe imalola sutikesi imodzi yokha. Mwina £150 ija ikuchokera pamenepo. Sangaphatikize kuti imodzi ikhale 30 ina 16, sikelo imayang'ana sutikesi payokha. Kumudzi ayezeretu pa sikelo ya chimanga.

Za malamulo a kuno: nyama ya mtundu uliwonse ndi za mkaka zochokera kwathu saloleza, ngakhale nyama yofutsa. Nsomba amalola mpaka makilo 20 munthu mmodzi, ndiye usipa, utaka ndi chambo chowamba zibwere, angozimanga bwino m'mapulasitiki angapo kuti fungo lisalowe m'zovala. Mpunga wa Kilombero ulibe vuto. Uchi mpaka makilo awiri. Nali ndi Sobo zilowe mu sutikesi yaikulu, m'kachikwama ka m'manja akawalanda pa security.

Nachisale (Manchester), 08:37
Ayamba kale kusonkhanitsa. Dzulo amandiuza kuti ufa woyera akonola okha chifukwa mayi wa chikuta sangadye nsima ya ufa wa m'sitolo. Ndayang'ananso, tikiti zonse ziwiri ndi za masutikesi awiri.

Chikondi M. (Luton), 08:52
Muwauze asalandire katundu wa munthu wina pabwalo, ngakhale atawadandaulira bwanji kuti ndi kaphukusi ka mwana wanga ali ku UK. Amayi athu ndi achifundo, ndipo pamenepo ndi pomwe anthu oipa amalowera.

Limbani, wa zamalamulo (Birmingham), 12:20
Ndiwonjezere ziwiri zitatu pa nthawi yanga ya nkhomaliro. Lamulo la kuno lolipira wokwera ndege ikachedwa, lomwe amati UK261, limagwira pa ndege iliyonse yonyamuka m'dziko muno, kampani ikhale ya kulikonse. Pa ulendo wautali wopitirira makilomita 3,500, mukafika mochedwa ndi maola anayi kapena kuposa, ndipo vuto ndi la kampani osati nyengo, chipukuta misozi chake ndi £520. Koma pobwera kuno limagwira pokhapokha ndegeyo ikhale ya kampani ya ku UK kapena ya ku EU. Ndiye pa Ethiopian ndi Kenya Airways amayi ndi otetezedwa ndi lamuloli pobwerera kumudzi, osati pobwera. Apa ndiye pomwe njira ya a Gift ili ndi mphamvu, poti British Airways ndi Virgin Atlantic ndi za kuno.

Sutikesi ikapanda kutuluka, asachoke pabwalo asanalembetse pa desiki ya katundu n'kupatsidwa pepala lokhala ndi nambala. Timapepala tomata timene amapatsidwa pa Chileka asunge ngati ndalama. Sutikesi yowonongeka mumadandaula pasanathe masiku 7, yochedwa pasanathe masiku 21 chiilandirireni.

Pogula, gulani ku kampani yeniyeniyo ndipo mulipire ndi credit card. Chinthu cha pakati pa £100 ndi £30,000 chogulidwa motero, banki nayo imakhala ndi udindo zinthu zikalakwika. Mawebusayiti apakati aja amatsitsa £30 kapena £40, koma tsiku lofuna kusintha deti mudzaimba foni mpaka kutopa, kampani ikuti pitani kwa amene anakugulitsani. Ndi nkhani ya uchembere, masiku amatha kusuntha, ndiye tengani tikiti yololeza kusintha.

Mayi Gondwe (Nottingham), 12:41
Ndipo mugulire kuno m'mapaundi, musatumize ndalama kuti akagule kumudzi. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuja, mitengo ya matikiti kumeneko siikhazikika. Kungoti mukalipira ndi khadi lanu pomwe wokwera ndi wina, makampani ena amafuna kutsimikiza khadilo. Mufunsiretu kuti zithere kuno, asakawaimitse amayi pa kauntala kufunsa khadi lomwe lili ku Manchester.

Tiyamike (Leicester), 13:05
Musaiwale kuwalembetsa ShebaMiles ngati mwasankha Ethiopian, kapena Asante Rewards ngati ndi Kenya Airways. Ndi ndondomeko zosonkhanitsira mapointi (mamailosi) pa maulendo a ndege. N'zaulere, ndipo ulendo umodzi wopita ndi kubwerera umasonkhanitsa mamailosi ndithu.

Thoko, namwino (Coventry), 13:30
China chomwe chimaiwalika ndi nthawi. Addis Ababa ndi Nairobi ali patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, ndipo mu Novembala kuno tili m'mbuyo mwa Malawi ndi maola awiri. Nthawi yonyamukira yolembedwa pa tikiti ndi ya malo amene ndege ikunyamukira, yofikira ndi ya malo amene ikukatera. Akangotera asinthe wotchi, kapena angodalira wowakankha uja. Pobwerera, ngati tikiti ikuwagoneka ku Addis Ababa maola opitirira 8, Ethiopian imapereka hotelo, koma kwa gogo woyenda yekha ine ndingapewe. Kutuluka, kukwera basi, kudzuka m'bandakucha m'dziko lachilendo, n'zambiri. Komanso munthu akakhala maola opitirira 12 ku Ethiopia kapena ku Kenya, polowa kwathu akhoza kufunsidwa khadi lachikasu la katemera wa yellow fever. Sankhani masiku amene kudikira kwake ndi kwa maola awiri kapena anayi.

Nachisale (Manchester), Lachitatu 20:10
Abale anga, ndabwera kudzapereka lipoti. Dzulo usiku tinakhala pansi ndi bambo a kunyumba, tinawerengera monga ananenera Bambo a Tadala, basi ya ku Lilongwe ya anthu awiri, malo ogona, mafuta a ku Heathrow kawiri. £150 ija inathera panjira tisanamalize n'komwe. Tagula Ethiopian, Chileka mpaka Manchester, tikiti imodzi, yololeza kusintha tsiku. Ndaimba foni lero, WCHS alemba pa zigawo zonse, za khadi tathana nazo. Mayi Gondwe, ulendo wanga wopita kumudzi chaka chamawa ndidzayesa yanuyo, poti ndidzayamba ndaima ku Lilongwe kwa achimwene.

Za wheelchair amayi anayamba akana monga tinanenera. Ndinawauza mawu a asisi a Thoko aja. Anakhala chete, kenako anafunsa ngati wowakankhayo angamupatseko mtedza wokazinga.

Mbuya Mbewe (Glasgow), 20:24
Wachita bwino mwana wanga. Uwalembere kapepala ka Chizungu ka zilembo zikuluzikulu, dzina lawo, nambala za ndege zonse ziwiri, adiresi yako ndi foni yako, kuti pa immigration akangopereka. Kalata yowaitanira ija ndi tikiti yobwerera zikhale pamodzi ndi pasipoti, osati mu sutikesi.

Esnart (Salford), 20:39
Nachisale, tsiku lake ndi liti? Mng'ono wanga akubwera ku sukulu kuno sabata yoyamba ya Novembala, nayenso akunyamukira pa Chileka, tikiti sitinagule. Ngati masiku angagwirizane akhoza kukhala nawo moyandikana, aziwamasulira.

Nachisale (Manchester), 20:42
Asisi a Esnart, ndakutumizirani tsiku ndi nambala ya mpando ku inbox. Wa pambali pawo unali usanatengedwe pomwe ndimayang'ana madzulo ano.